Mawu Amene Ndinawadula Pakati

Dikishonale ya atate inalibe chikuto. Chinathothoka kalekale, ndipo amayi anamatapo katoni ya sopo ndi phala la ufa, moti ukaitsegula inkanunkha sopo ndi mphemvu. Inali yaing'ono, yokwana m'thumba la jekete, Chingelezi kumanzere, Chinyanja kumanja. Masamba akumapeto anadyedwa ndi chiswe, koma tsoka ilo, mawu oyamba ndi chilembo cha S analipo onse. Atate atamwalira achibale anagawana katundu wawo mpaka lamba. Kabukuko palibe anakafuna, kanatsalira ine.

Chilimwe chimene ndikunenachi ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, mu giredi seveni, mayeso ali pakhomo. Tinkakhala ku Kapata anthu atatu: amayi, amalume ndi ine. Kunatentha chaka chimenecho, abale! Mapiri ozungulira Chipata anali bii ndi lupsa, nyenje zikulira kuyambira m'mawa, malata akuthetheka pamutu ngati wina akuponyapo timiyala. Pampopi madzi ankabwera mochita kudontha, ndipo amayi a mumzere wathu ankakhala pamenepo ndi zigubu zawo maola ambiri. Pamene pakhala anthu nthawi yaitali chonchi, nkhani sizisowa.

Ine Chingelezi ndinkachitha, ndipo ndinkadziwa kuti ndimachitha. Kalata ikabwera mumzere wathu, kaya yochokera kukhonsolo kaya kwa mwana wa wina ku Lusaka, ankaitana ine. Ankanditchula kuti loya. Ndinkayenda khosi lili gwa, kadikishonale m'khwapa. Ndikakumbukira kamtsikana kameneko lero ndimafuna kukakoka khutu.

Amayi ankagula zitenje kutsidya, ku Malawi, ndi kudzagulitsa pamsika. Chovuta chinali paboda pa Mwami, pamene a kasitomu ankasecha zikwama. Mawu akuti kusecha tinkawamva tsiku lililonse ngati moni: lero asecha, dzulo sanaseche, uja amusecha mpaka mumpango. Katundu wa amayi atalandidwa kawiri, anapeza nzeru. Mwana wovala yunifolomu sankasechedwa. Ndiye Lachiwiri ndi Lachisanu ndinkavala yunifolomu bwinobwino, koma osapita kusukulu. Kuseri kwa kagolosale kena kutsidyako amayi ankandikulunga zitenje zisanu ndi chimodzi m'mimba ndi m'chiuno, diresi pamwamba, juzi pamwamba pake. Juzi mu Okutobala! Ndinkadutsa pakati pa malole, fumbi ndi utsi wa dizilo zili m'kamwa, thukuta likuyenderera mpaka m'masokosi. Mawa lake ndinkasinza m'kalasi, ndipo tsiku lina ndinakomoka pamzere, nyimbo ya fuko ili pakati.

Amalume anali achimwene awo a amayi. Kale ankalemba mapepala a malole pa Mwami pomwepo, ndipo Chingelezi chawo chinali chosalala kuposa cha pawailesi. Ntchito itatha, akazi awo atachoka, anabwera kwathu ali owonda, ndi sutikesi yachitsulo yokhoma ndi loko. Ankagona m'kachipinda komwe kale tinkasungamo makala. Ndi iwo ankandipatsa nyuzipepala zakale kuti ndiziwerenga mokweza, ndipo ndikapunthwa ankangoti, “Bwerezani, madamu, sitikuthamangira basi.” Za ku Mwami ankadana nazo. Ndinawamvapo akuuza amayi kuti, “Mlongo, mwanayu mukumudyera kutsogolo.” Amayi anawayankha kuti wodya zophikidwa alibe mawu.

Koma amalume anali ndi kachizolowezi kamene kanawaputira mavuto. Wotchi yawo yapamkono inkalira ti-ti-ti kawiri patsiku, m'mawa ndi madzulo, nthawi yosasintha. Ikangolira ankasiya chilichonse, ngakhale nkhani ili pakati, kulowa m'kachipinda kaja ndi kutseka. Tinkamva loko akuti khethe, kenako zii, kenako nkutuluka akupukuta pakamwa. Pampopi anayamba kuwerenga pa zala. Atate anamwalira atadwala nthawi yaitali. Kamng'ono kanga, kakhanda, kanatsatira. Katundu walandidwa kawiri. Tsopano mwana wanzeru uja wayamba kugwa. Zoti atate ndi kakhanda anamwalira amalume asanabwere, palibe ankazikumbukira.

Kalata inabwera pakati pa zimenezi. Aphunzitsi athu anali mwana wa kumishoni, bambo wa tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndipo Chinyanja sankachilemba, ankati ncholankhula basi. Anandipatsa envulopu yomata ndi kunena kuti ndikapereke m'manja mwa amayi. Amayi Chingelezi sankachidziwa, ngakhale kuwerenga kumene sankatha. Akanapatsa amalume zonse zikanathera pomwepo. Koma anaopa kuti mwina muli za ku Mwami ndipo achimwene awo apezerapo pakamwa, ndiye anadikira kuti achoke. Tinakhala pakhonde masana, iwo akusenda mtedza, ndipo anangoti, “Werenga, loya.”

Ndinawerenga chamumtima kaye. Aphunzitsi analemba masiku onse amene ndinajomba. Analemba kuti wina anandiona pa Mwami nditavala yunifolomu nthawi ya sukulu. Analemba kuti ndikusinza ndi kukomoka m'kalasi. Ndipo pomaliza anati vuto silili mwa mwana koma kunyumba, choncho mayeso asanafike banja lichite soul-searching yeniyeni.

Za kujomba ndi za Mwami ndinazilumpha. Ndinkadziwa kuti amayi aganiza kuti ndinaulula ndine, ndipo dzanja la amayi linali lopepuka kunyamuka koma lolemera kutera. Ndinangoti, “Akuti ndikusinza, ndikukomoka, ndipo vuto silili mwa ine koma m'nyumba muno.” Amayi anasiya kusenda. Anafunsa kuti ndiye akuti titani. Mawu omaliza aja ndinali ndisanawaonepo. Ndinatsegula dikishonale, koma onse pamodzi munalibe. Loya sanganene kuti sindikudziwa, ndiye ndinawadula pakati, pa kamzere kowalumikiza. Theka loyamba ndinalipeza msanga: mzimu. Theka lachiwiri sindinavutike nkuyang'ana komwe, mwana wa paboda ndani sadziwa kusecha?

“Akuti museche mizimu m'nyumba muno, mayeso asanafike.”

Amayi sanakuwe. Anatembenuka pang'onopang'ono ndi kuyang'ana chitseko cha kachipinda ka makala. “Ngakhale aphunzitsi aona,” anatero. Anapinda kalatayo kanayi ndi kuilowetsa pachifuwa.

Lero ndimagwira ntchito yomasulira m'khoti, ndipo ndisanatsegule pakamwa ndimalumbira. Ndadzifunsa kambirimbiri ngati tsiku lija ndinalakwitsa kapena ndinanama. Pa mawu aja ndinalakwitsa ndithu, sindinkawadziwa. Koma ndikanawerenga kalata yonse, ngakhale amayi osapita kusukuluwo akanamva okha kuti aphunzitsi akuloza chala kwa iwo. Ndinachotsa mizere imene ikanaunikira mawuwo, ndiye anatsala okhaokha mumdima. Ndipo ndisabise, nditaona maso a amayi achoka pa ine kupita ku chitseko chija, ndinapuma bwino.

Masabata awiri otsatirawo m'nyumba munalowa mphepo yozizira pakati pa kutentha konse kuja. Kapu ya amalume inayamba kukhala payokha pawindo. Mbale yawo amayi ankaisiya pakhomo la kachipinda, osaitana. Pakhomo la kuchipinda kwathu anawazapo mchere, ndipo unkandilasa kumapazi. Anandiletsa zowerenga nyuzipepala. Amalume akanditchula kuti madamu ndinkayang'ana pansi ndi kudutsa, iwo nkutsala atagwira nyuzipepala m'manja. Amayi anauza mnzawo mmodzi yekha za kalatayo, ndipo dzuwa lisanalowe mzere wonse unali utadziwa. Akanakhala mawu a munthu wamba ena akanatsutsa. Koma awa anali aphunzitsi, munthu wa tayi ndi Baibulo, ndipo analemba pa pepala, m'Chingelezi. Pampopi ankati galu wamkota sakandira pachabe. Amalume akakhala pansi pa mtengo wa mango ana ankamwazika, ndipo wometa tsitsi anayamba kuwauza kuti makina afa.

Kenako amayi anagwirizana ndi mneneri wina wamkazi wa tchalitchi cha kuphiri kuti adzaseche nyumba Loweruka. Anandiuza poyera kuti chikapezeka chinthu, amalume achoka tsiku lomwelo. Kopita kunali kumodzi, ku Madzimoyo, kumene kunatsala nyumba ya makolo awo yodontha, yopanda munthu. Ndinkaona mmene amalume ankapumira akangonyamula ndowa imodzi. Ngakhale ine mwana ndinkadziwa kuti kumeneko sakalima.

Chinayamba kundidya ndi nkhope ya aphunzitsi. Munthu ameneyu ankatikalipira tikangotchula za ufiti, ankati ndi umbuli. Ndiye alembe za mizimu? Lachinayi, anzanga atatuluka, ndinalemba mawu aja pachikhatho ndi kupita kutebulo lawo. Anasangalala, mayo, anasangalala ngati ndawabweretsera nkhuku. Anavula magalasi, nayamba kuphunzitsa ine ndekha.

“Mawu awa sadulidwa pakati,” anatero. “Ukawadula afa. Mzimu umene akunena pano si wa kumanda, ndi iwe mwini, m'kati mwako. Ndipo wosecha si wapolisi, ndi iwe yemwe.” Anati ndi pamene munthu akhala pansi zinthu zitalakwika, nadzifunsa mafunso amene akanakwiya nawo akanamufunsa wina. Anati timu ikagonja masewero atatu otsatizana imachita zimenezi m'malo motukwana oyimbira. Bambo amene ana ake onse akumuthawa amachita zimenezi, mpingo umene wagawikana umachita zimenezi. Anati mawuwa sagwiritsidwa ntchito pa tinthu tating'ono ngati kusankha nsapato, ndi a pa zinthu zowawa, zotenga masiku. “Chachikulu nchakuti sufunafuna mlandu wa mnzako. Umafuna wako.” Atatero anavalanso magalasi ndi kufunsa kuti, “Amayi ako ayamba?”

Ndinati, “Ayamba.”

Kuchokera pamenepo sindingabisalenso kumbuyo kwa umbuli. Ndinali ndi masiku awiri. Lachinayi madzulo ndinati ndinena tikamatsuka mbale, koma amayi anali okwiya ndi za kumsika. Lachisanu tinapita ku Mwami, ndipo m'minibasi pobwera, zitenje zikundifinya nthiti, ndinatsegula pakamwa ndi kuti, “Amayi, kalata ija.” Iwo anandigwira bondo. “Usaope, mwanawe. Mawa zonse zitha, ukalemba mayeso ako uli mfulu.” Anali ndi misozi m'maso. Anali kuthamangitsa mchimwene wawo weniweni chifukwa cha ine, ndipo ine ndinati ndinena mawa m'mawa. Pakadafunda padajiwitsa galu. Ndinali wamantha, palibe dzina lina.

Loweruka amalume anapita kutauni m'mawa. Mneneri anafika dzuwa lili paliwombo, atavala zoyera mpaka kumapazi, ndi amayi awiri omuimbira ndi botolo la madzi. Sitinaitane munthu, koma mpanda wonse unadzaza mitu. Anayamba ndi kuchipinda kwathu: kutembenuza matiresi, kugwedeza mapoto, kusolola dzanja pakati pa khoma ndi malata. Ankasecha ndendende ngati a pa Mwami, kusiyana kwake nyimbo. Ine ndinaima pafupi ndi mtondo. Atafika ku kachipinda ka makala, mneneri anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno. Anatulutsa sutikesi ija pabwalo, ndipo mmodzi wa oimba aja anatenga nkhwangwa yathu nayamba kumenya loko ndi chamsana chake.

Amalume analowa pageti nkhwangwa ikugunda kachitatu. Anthu anawapatukira ngati akudutsa ndi moto. Anayang'ana sutikesi, nayang'ana amayi. “Mlongo, nchiyani chimenechi?” Amayi anatulutsa kalata pachifuwa, itanyowa ndi thukuta la masabata awiri, ndi kuwaponyera. “Werengani nokha, si inu odziwa Chingelezi? Ngakhale kusukulu akudziwani.”

Anaitola. Anaiwerenga ataima padzuwa, milomo ikugwedera, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ndinaona maso awo akudutsa pa mizere imene ndinailumpha. Atamaliza anandiyang'ana, ndipo ndinafuna nthaka ing'ambike. Ndinadikira kuti aiwerenge mokweza, Mwami ndi yunifolomu ndi zonse, pamaso pa mzere wonse. Sanatero. Anapinda kalatayo ndi kulankhula motsitsa, moti akumpanda anachita kutchera khutu.

“Sakuti museche katundu wa munthu, mlongo. Akuti mudziseche nokha mumtima. Inu, ine, tonse a m'nyumba muno.” Kenako anawonjeza kuti, “Mwanayu sanalakwe. Mawuwa ndi aakulu, ngakhale ine akanandigwetsa.”

Bola akanandimenya. Mpaka lero palibe chimene chinandipwetekapo ngati kukhululukidwa kumene kuja, ndi munthu amene ankadziwa bwinobwino chimene ndinachita.

Koma wankhwangwa uja sanamve, kapena sanafune kumva. Loko anaduka. Mneneri anatsegula ndi kuyamba kutaya zinthu pafumbi: malaya awiri ositidwa bwino, masatifiketi m'pepala la pulasitiki, chithunzi cha akazi awo aja. Pansi penipeni panali sokosi yomangidwa mfundo. Anaimasula, ndipo munatuluka botolo loyera lapulasitiki ndi kakhadi kopindika. Analikweza m'mwamba ndi kuligwedeza kuti aliyense amve. Linalira tsekeretsekere. “Si izi! Nsupa za masiku ano zimabwera chonchi!” Kumpanda kunamveka phokoso, ena kuwomba m'manja, ena kubwerera m'mbuyo. Koma ndinaona amayi awiri atatu akuyang'anana mwa mtundu wina.

Amalume sanalimbane ndi munthu. Anangoima manja ali lende, ndipo nkhope yawo inali ya munthu amene wavulidwa pamsika. Amene anasuntha ndi amayi. Anatsomphola botolo lija m'manja mwa mneneri, naliyang'ana kamodzi kokha, osalitsegula. Anakhala pansi pafumbi pomwepo, chitenje chawo chabwino ndi chonse. Anakweza maso kwa achimwene awo.

“Achimwene, inunso?”

Amalume anawayang'ana. Kenako nawonso anakhala pansi.

Sindinaonepo amayi atakwiya ngati mmene anadzukira pamenepo. Anathamangitsa mneneri ndi oimba ake, botolo la madzi lija nkugubuduka pageti. Anatukwana akumpanda mmodzimmodzi, powatchula maina, mpaka mitu yonse inazimiririka. Atatero anatola malaya aja, kuwakung'untha, kuwapinda. Anatunga madzi m'kapu yawo, imene iwo amayi ankamwera, ndi kupatsa amalume. Anakhala awiriwo pakhonde mpaka mthunzi wa mango unafika pakhomo. Ine palibe anandiitana, palibenso anandimenya.

Amalume anachokabe. Amayi anawadandaulira, anagwada ndithu, ine ndikuona. Koma mzere unali utagawikana pawiri: ena ankati ndi mfiti, ena ankanong'ona dzina la matenda, ndipo masiku amenewo zonse ziwiri zinali zokwanira kuti munthu asapatsidwe moni. “Pano ndatha, mlongo,” anatero. Anakwera kalole konyamula feteleza kupita ku Madzimoyo, sutikesi atamanga ndi chingwe cha mphira. Anandisiyira mulu wa nyuzipepala ndi kundiuza kuti, “Mukalembe bwino, madamu.” Ndinalephera ngakhale kunena kuti pepani. Mvula inagwa sabata yomweyo. Ku Mwami amayi sananditengenso, mayeso ndinalemba ndipo ndinakhoza. Kumudziko chipatala chinali kutali kwa munthu wopanda mphamvu, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti mankhwala atatha sanapite kukatenga ena. Tinawaika m'manda chimanga chikumasula ngaiyaye.

Zinanditengera zaka kuti ndidziwe chimene chinali m'botolo lija. Anali mankhwala otalikitsa moyo a anthu a kachilombo, omwa pa nthawi yake osaphonya. Ndinadziwa nditakula, ndikudwazika amayi, pamene anandituma kuti ndikawatengere awo pansi pa chikwama chawo cha kumsika. Botolo lake linali la mtundu womwewo. Anali akumwa kuyambira atate atangomwalira, kuseri kwa benchi lawo la zitenje, kuti ine ndisaone. Anthu awiri a mimba imodzi anakhala m'nyumba imodzi chaka chathunthu, aliyense akubisira mnzake chinthu chimodzimodzi.

Koma Loweruka lija zimenezi zinali kutali ndi mutu wanga. Sindinadabwe kuti munthu wosadziwa kuwerenga wazindikira bwanji botolo asanalitsegule. Ndinangomva kuti amayi afunsa kuti “inunso,” ndiye kuti panali wina woyamba. Ndinaima pafupi ndi mtondo paja ndikuyang'ana nyumba za mumzere wathu imodziimodzi, kufunafuna kuti mfiti yoyambayo ingakhale ndani.